Mkwatibwi wa pa Tisheti

"Diso langali ndi sikelo," ankatero Latif, uku akudzigogoda pachikope. "Dizaini ikachoka m'manja mwanga sifunanso mboni. Kuyambira ku Chiponde mpaka ku Nkhudzi, wondikonza ine sanabadwe."

Sitolo ya Latif inalibe chitseko kapena khonde. Inkakhala m'foni. Anyamata a ku Joni ankasankha tisheti pa tsamba lake la Fesibuku, n'kutumiza chithunzi ndi mawu oti alembepo. Iye ankakonza dizaini pa laputopu yomwe batire yake inamwalira kalekale, kenaka n'kupita nayo kwa mayi Leticia, eni makina odindira kuseri kwa msika wa Mangochi. Mayiwa anaphunzitsapo ntchito yodinda pa sukulu ya ntchito zamanja, ndipo Latif ankawatcha aphunzitsi akafuna kuwanyengerera.

Tsiku lina kunabwera oda yochokera kwa msuweni wake Abudu, amene anali ku Joni chaka chachisanu ndi chitatu. Mlongo wake wa Abudu, Sumaiya, ankakwatiwa ndi Sadik wa ku Makanjira. Abudu anafuna matisheti makumi anayi okhala ndi chithunzi cha awiriwo. Theka linayenera kutsogola pa lole ku Makanjira kuti azakhali a mkwati adzafike pa nikaha, mwambo wa ukwati wa Chisilamu, atavala kale.

Azakhali amenewa anali asanamuonepo Sumaiya. Za ukwati zinakambidwa ndi amalume okhaokha, ndipo msewu wa kumeneko munthu sauyenda pongofuna kukaona nkhope. Sumaiya ankawaopa. Anali mtsikana wakuda bwino, wa mpata m'mano, ndi kachipsera pachipumi komwe anakapeza ali mwana atagwa mumtengo wa mango umene Latif yemweyo anamutuma kukwera. Atakumana ndi Latif panjira, Sumaiya anamugwira shati n'kumuchonderera kuti asamuchititse manyazi pamaso pa anthu achilendo. Latif anaseka, nati ngati Sadik asintha maganizo, msuweni alipo.

Vuto linali chithunzi. Chinachoka m'foni ya Sumaiya kupita ku Joni, kwa Abudu chinadutsa m'foni ziwiri, n'kubwerera ku Mangochi chitaonda ngati munthu wochira malungo. Latif atachikulitsa kuti chidzaze pachifuwa pa tisheti, nkhope zinasungunuka, maso ndi mphuno zonse phala.

Mayi Leticia atachiona anamulangiza modekha. Anati chithunzi chikamayenda foni ndi foni chimataya thupi, choncho apite kwa Sumaiya, ulendo wa kabaza mphindi khumi, akatenge chenichenicho m'foni imene inajambula. Akamaliza dizaini amuonetse mwini nkhope, ndipo adinde tisheti imodzi yokha kaye, aiyang'ane padzuwa asanadinde zina zonse.

Latif anayankha kuti zimenezo n'za ophunzira kumene. Iye anali ndi kapulogalamu kokonza nkhope, ndipo ankafuna Sumaiya adzadzidzimuke ndi chimwemwe pa tsikulo. Anadina kamodzi, nkhope inawala. Anadinanso, mphuno inasongoka, mpata wa m'mano unatsekeka, chipsera chinathawa. Anadina kachitatu chifukwa cha chikondi basi. Sadik anapulumuka poti anavala chipewa ndi magalasi akuda.

Mayi Leticia anavala mandala awo n'kuyandikira.

"Kodi ameneyu ndani?"

"Sumaiya, aphunzitsi. Sumaiya wa mawa."

"Mwana wanga, kapulogalamu kakoka sikamudziwa Sumaiya. Pamene chithunzi chafufutika, iko kamangomatapo nkhope za anthu ena zimene kanaziona kwina. Nkhope ya munthu si khoma loti uzingopaka laimu."

Anakana kudinda mpaka mwini oda avomere. Latif sanavutike. Anatumiza dizainiyo kwa Abudu, ndipo Abudu, amene anasiya mlongo wake ali Sitandade 6, anayankha ndi chala chachikulu choloza kumwamba, n'kuwonjezera kuti mpunga wa kwawo ukumuyanja mwanayo. Mayi Leticia anapukusa mutu, nayatsa makina. Matisheti makumi awiri anakwera lole, enawo Latif anawatsekera m'katoni kuti akawatsegule pa tsiku la nikaha.

Alendo anafika kwawo kwa Sumaiya Lachisanu masana, anthu atangotuluka ku mzikiti. Latif anaima pageti, foni m'mwamba, akuulutsa zonse pa tsamba la sitolo yake kuti a ku Joni aone ntchito ya katswiri. Azakhali anatsika mmodzimmodzi, fumbi mpaka m'nsidze, aliyense tisheti pamwamba pa diresi, mpango kumutu, nthungululu pakamwa. Patsogolo panali azakhali Abiba, mlongo wamkulu wa bambo ake a Sadik, atapanira nkhuku ziwiri m'khwapa.

Sumaiya anali pamkeka pabwalo, atamanga chitenje chakale, akupeta mpunga wa mawa ndi amayi ena. Ataona alendo anaika lichero pansi n'kugwada mwaulemu.

Azakhali Abiba anapereka salamu, nayamba kuunguza. Anakoka tisheti yawo kutsogolo, kuiyang'ana, kuyang'ana amayi a pamkeka, kuiyang'ananso. Anzawo anachitanso chimodzimodzi. Mmodzi anasuzumira kukhitchini. Wina ananong'ona kuti mwina mkwatibwi amubisa m'nyumba kuopa dzuwa, poti khungu lotere silifuna kutentha. Latif anafuna kutsitsa foni, koma dzanja linakana.

Kenaka azakhali anaona mtsikana wogwada uja, namupatsira nkhuku.

"Landira izi, mwanawe, ukazimange kuseri. Ukatero ukatiitanire mkwatibwi, umuuze apongozi ake afika."

Sumaiya analandira nkhuku. Apo m'pamene anakweza maso n'kuona pachifuwa pa azakhali: mkazi woyera, wa mphuno yosongoka, atatsamira paphewa la Sadik wake, akumwetulira ndi mano ogundana. Anayang'ana chifuwa chachiwiri, chachitatu. Mkazi yemweyo, paphewa lomwelo. Anayang'ana kugeti nthawi yaitali ndithu, mpaka milomo yake inayamba kunjenjemera, kaya ndi mkwiyo kaya ndi phwete.

"Pepani, azakhali," anatero mofatsa, "mkwatibwi ameneyo ife pano sitimudziwa. Wodziwa kwawo ndi asuweni angawa. Ndiwo anam'pezera a Sadik."

Mipango makumi awiri inatembenukira kugeti nthawi imodzi. Azakhali Abiba anamanganso chitenje chawo m'chiuno, nayamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa Latif, a ku Joni onse akuonera.

Phunziro: Usanadinde nkhope ya munthu pa nsalu, tenga chithunzi chenicheni, usachikongoletse mpaka kusanduka mlendo, ndipo mwini nkhope aone n'kuvomera yekha. Pa kompyuta cholakwa chimafufutika ndi chala chimodzi, koma chikakwera lole chimakafika chitavalidwa.