Mfuti ya Bambo Ili M'galasi

Kwathu kufupi ndi Yendi, msilikali wa mfumu akamwalira, maliro satha mpaka mfuti yake ilire, ndipo mkazi wamasiye satuluka m'nyumba asanaimve. Bambo atatisiya, amayi anabindikira, koma ine ndi achimwene anga a Wumbei tinalibe choliza. Mfuti ya bambo ya gogodela boma linailanda kalekale nkhondo ya mafuko itatha, n'kukaiponya m'nyumba ya zida ija anamanga azungu m'tauni.

Nyumbayo idasungapo onga wa azungu, kenako mfuti za boma, kenako mileme yokhayokha. Lero aipaka laimu, akuti ndi myuziyamu, ndipo kuti uone katundu wa bambo ako uyambe walipira pakhomo. Zimandinyansa.

Tinaipeza ili m'galasi, zithumwa zake zachikopa zili lendelende. Achimwene ananjuta pamaso pa woyang'anira, a Boakye, n'kuwapatsa mtedza wa kola, mphatso yaulemu kwathu.

"Bwana, tibwerekeniko tsiku limodzi lokha."

"Abale inu, ichi ndi chuma cha dziko. Mukufuna andichotse ntchito? Kabwerekeni ya anzanu, mfuti ndi mfuti basi."

"Mkazinso ndi mkazi basi, bwana, koma mungalowe m'nyumba ya mkazi wa eni?" anatero achimwene.

A Boakye anaseka mpaka kutsokomola. Sanali munthu woipa. Anatsekula galasi lija, nati ibwere Lolemba anthu a ku likulu asanamve.

Tsiku la mwambo ng'oma zinalira, anzawo a bambo atandanda pabwalo ndi mfuti zawo, kudikira kuti ya malemu iyambe. Achimwene anathira onga kukamwa kwa mfuti, ongawo n'kutayikira pansi. Anathiranso, chimodzimodzi. Atalowetsa chitsulo chotsindira, chinangolowa kutalika kwa chala. M'kati monse munali mtovu. A myuziyamu anautsanuliramo kuti ana a sukulu asadzavulale, ndipo palibe anakumbukira kutiuza.

Ndinapempha amalume kuti tilize ina, amayi sadziwa.

"Iwe, mayi ako ungawanamize," anatero amalume. "Nanga bambo ako?"

Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Anthu anayamba kuyang'ana pansi, ena kufunafuna nsapato zawo. Achimwene anakhala pa dothi, mfuti ili pamiyendo, ndipo ine ndinalira ngati mwana.

M'nyumba muja munamveka mawu a amayi, otopa koma achimwemwe.

"Wumbei, mwanangu, ndasamba kale ine. Mukuchedwa ndi chiyani?"