Kumtunda Kuti?

Tsiku limenelo kuchigwa sikunagwe ndi dontho lomwe. Dzuwa linali liswamtengo, ndipo chimanga cha m'minda ya ku Mtakataka chinali chitapinda masamba. Koma kumapiri a Dedza mtambo unali bii. Linali tsiku lachitatu utakhala pamenepo, ukung'anima osamveka kugunda.

A Lameki anaima pamlatho wa njanji wa Nankhwazi, maso ali pamzati wapakati. Pamzatipo anali atajambulapo okha mizere itatu ya utoto wofiira. M'mawa madzi anali asanakhudze ndi woyamba womwe. Tsopano anali atameza wachiwiri, ndipo anali ofiira ngati katondo.

Ntchito yawo inali yoyendera njanji ndi nyundo m'manja, ndipo anali ataigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chibadwire sanali munthu wolankhulalankhula. Koma chaka chapitacho, mu February wa 1956, mtsinje womwewu unatenga akazi awo a Naphiri ali kudimba, kunja kuli ngwee ngati lero. Anawapeza tsiku lachinayi m'bango. Kuyambira pamenepo mawu a Lameki anangotsala owerengeka. Wawo amene anatsala anali mmodzi, mwana wawo Enifa, yemwe anatengwa ndi msodzi wina dzina lake Ibrahimu kudooko la kwa Sefu. Anali ndi khanda la milungu itatu.

Maliro a chaka chimenecho ndiwo anachititsa kuti mvula isanayambe pakhale msonkhano pabwalo la milandu. Kuboma kunachokera kalaliki, a Gidiyoni. A mishoni anatuma mphunzitsi wa sukulu ya pa Chimwala, a Amosi. A njanji anatuma kapitawo, amene anabwera ndi a Lameki. Zambiri anagwirizana bwino. Madzi akafika mzere wachitatu, a Lameki aziimba chitsulo cha pamlatho. A Amosi akachimva aziimba belu, ndipo a pabwalo akamva belu aziomba ng'oma kuti imveke mpaka kunyanja. Mishoni isunge mabulangete ndi mankhwala, boma lisunge chimanga.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kothawira.

"Abwere kusukulu," anatero a Amosi. "Mabulangete ali kumeneko."

"Chimanga n'cha boma, chigawidwira pabwalo pano," anayankha a Gidiyoni. "Tikapita nacho kwanu, Asilamu a kudooko adzati tikufuna kuwabatiza ndi mgaiwa."

"Nonsenu mulibe lamya," anatero kapitawo. "Lamya ili kusiteshoni."

Anakokanakokana mpaka dzuwa linapendeka, woyendetsa lole ya boma n'kuyamba kuliza hutala. A Gidiyoni anatenga cholembera mofulumira.

"Tisatayirepo nthawi. Ndilemba chonchi: mukamva ng'oma, aliyense apite kumtunda msanga. Pali wotsutsa?"

Onse anagwedeza mitu, aliyense akuganiza za kumalo kwake. A Lameki anali pansi kumbuyo, chipewa chili pabondo. Funso linafika pakamwa, koma poona mabwana atavala kale majekete, analimeza. Mesenjala anazungulira midzi yonse akuwerenga kalata ija.

Tsopano chipika cha mkuyu chinatsika ndi mizu yake, n'kudzagunda mzati. Chitadutsa, mzere wachitatu sunaonekenso. A Lameki anapita pamtengo pamene ankapachika chidutswa cha njanji, nachimenya ndi nyundo mpaka dzanja linachita dzanzi. Analekeza, namvetsera. Belu la kusukulu linayankha. Patapita kanthawi ng'oma inamveka chapatali. Mtima unakhala pansi pang'ono. Anadziwa kuti madziwo amayamba adzaza dambo asanafike kunyanja, choncho a kudooko anali ndi maola awiri.

Anthu a m'midzi ya alimi anayamba kudutsa, ena atasenza mitolo, ena akukoka mbuzi. Ola linatha. Kenaka a Amosi anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu.

"A Lameki, kodi a kudooko apita kusiteshoni kwanu?"

"Ayi. Si kwanu?"

"Kwathu palibe ndi mmodzi yemwe. Ndinkayesa ali pabwalo, koma mesenjala akuti iye amayesa ali kusukulu."

A Lameki anayang'ana kunyanja. Njira ya kudooko inali yoyera, yopanda munthu. Pamenepo anakumbukira tsiku limene anapita kukaona mdzukulu. Atafunsa ngati mkamwini wawo ali m'nyanja, Enifa anayankha kuti, "Ayi, lero ali kumtunda," akuloza Ibrahimu amene anali pamchenga, mapazi ake akunyambitidwa ndi mafunde.

Lamulo la ntchito linali loti madzi akadzaza asachoke pamlatho. Anatenga mbendera yofiira naizika pakati pa njanji, naitsamiritsa ndi miyala.

"Ndibwerekeni njinga," anatero.

Dooko la kwa Sefu linali pakamchenga kakatali, nyanja kutsogolo, dambo kumbuyo, mathiriro a Nankhwazi chakummwera. Njira yolowera inali imodzi, yodzera m'dambomo. A Lameki atafika pakati pa dambo, madzi anali m'akakolo. Patsogolo pang'ono anafika m'mawondo, ozizira, onunkha dothi la kumapiri. Anakoleka njinga panthambi ya mtengo napitiriza wapansi. Potuluka tsidya linalo madzi anali m'chiuno, ndipo anali akukoka.

Kudooko anapeza bata. Mabwato onse anali atakokeredwa pamchenga, atandandalikidwa bwinobwino. Amuna ankasoka makoka pamthunzi, amayi akutembenuza usipa pamathandala. Woyamba kuwaona anali a Fatuma, mayi ake a Ibrahimu, munthu wa pakamwa posatopa.

"Asewele! Mwatiyendera lero? Nanga kabudula wanyowa bwanji, kodi ukalamba wafika pamenepo?"

Amayi a pamathandala anaseka. A Lameki anali wefuwefu.

"Ng'oma simunaimve?"

"Taimva, si ife agonthi. Mesenjala anati mukamva ng'oma pitani kumtunda. Ana onse atuluka m'nyanja, ndawawerenga ndekha. Tonse tili kumtunda, onani mabwato awo."

Ibrahimu anasiya khoka nabwera, nanjuta patali pang'ono.

"Timayesa kukubwera namondwe, bambo. Takhala tikuyang'ana nyanja, koma ili phee."

"Si nyanja. Ndi mtsinje."

"Mtsinje dzuwa lili chonchi?" anatero a Fatuma. Koma atayang'ana nkhope ya a Lameki anakumbukira za a Naphiri.

"Ndiye tinyamuke, tidzere m'dambo," anatero Ibrahimu.

"Njira yatsekeka. Lowani m'nyanja."

"Ha! Boma likuti tulukani, asewele akuti lowani," anatero a Fatuma. "Kodi mwatiyesa achule?"

Palibe anaseka. Kuseri kwa nyumba nkhuku zinayamba kulira n'kuulukira pamadenga. Mayi wina anakuwa. Madzi ofiira anali akutuluka m'bango mwakachetechete, atanyamula zinyalala, ndipo anali atalowa kale m'khitchini mwake n'kuzimitsa moto.

Ibrahimu anawerenga ndi maso. Mabwato anali khumi ndi limodzi, anthu kupitirira makumi asanu ndi limodzi.

"Makoka atsale," anatero.

"Iwe, wapenga?" anakalipa msodzi wina wachikulire. "Khoka ili ndaluka miyezi isanu ndi iwiri!"

"Khoka limodzi likhala malo a ana anayi, amalume. Sankhani ana anayi oti atsale."

Mkuluyo analiponya pansi. Amuna anayamba kukweza amayi, ana ndi okalamba, mabwato akukankhidwa limodzilimodzi. Enifa anatuluka m'nyumba ndi khanda, madzi ali m'miyendo. A Lameki anathandiza kukankha mabwato mpaka linatsala limodzi. Kenaka anabwerera m'mbuyo naima pamchenga. Moyo wawo wonse anali asanakwerepo bwato, ndipo chichokereni a Naphiri sankafuna ngakhale kuwoloka khwawa.

"Kwerani, bambo," anatero Ibrahimu.

"Pitani. Ndikwera mumtengo."

"Mtengo uti? Migwalangwa iyi?"

A Lameki anangoima pomwepo. Enifa ankawadziwa bambo ake, kuti akatseka pakamwa ngakhale mfumu singawasunthe. Anatsika m'bwato, nafika pamene anaima, nawaika khanda m'manja.

"Ine ndikukapalasa, opalasa achepa. Mukatsala mutsala naye."

Anatembenuka osayang'ananso m'mbuyo, natenga nkhafi. A Lameki anayang'ana kamwanako. Kanali m'tulo, kakuyamwa chibakera. Analowa m'madzi nakwera, nakhala pansi penipeni m'bwatomo atafumbata mwanayo pachifuwa.

Anali asanapite patali pamene anamva mkokomo ngati wa sitima ya katundu. Mtsinje unaboola mchenga pakati penipeni pa mudzi. Nyumba ya Ibrahimu inapendekeka, n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa, denga lake n'kuyandama. Mathandala anapita ndi usipa wake. Makoka anatengedwa onse pamodzi, atakulungana ndi mitengo. Madzi ofiira analowa m'nyanja ngati lilime, ndipo opalasa analimbana ndi nkhafi kuti awatalikire. A Fatuma ankangoti, "Ya Allah, ya Allah," chapansipansi.

Anakocheza pamiyala chakumpoto, nayenda wapansi mpaka pa Chimwala. A Amosi anawerenga anthu kawiri. Onse analipo. Anagawa mabulangete, koma chakudya panalibe, pakuti chimanga chinali pabwalo, ndipo mesenjala anati sangatsegule nkhokwe popanda mawu a kalaliki. Mawuwo anayenera kudzera pa lamya ya kusiteshoni. Ana a kudooko anadya madzulo a tsiku lotsatira.

Tsiku lachinayi lole ya boma inafika, ndipo onse anakumananso pabwalo. A Gidiyoni anatulutsa kalata ija naiwerenga mokweza.

"Apa chosamveka n'chiyani? Ndi mwana yemwe amadziwa kumtunda."

"Mwana wa kwanu kumapiri," anatero a Fatuma ali pakati pa amayi, atafunda bulangete la mishoni. "Kwathu munthu akatsika m'bwato wafika kumtunda. Tinamvera kalata yanu, bwana. Tikanakhala osamvera, bwenzi makoka athu ali m'nyanja, ali bwinobwino. Lero tidya kalatayo?"

"Mukanafunsa, mayi. Safunsa anadya phula."

"Nanga inu munafunsa ndani?"

A Amosi anati iwo ananena kale kuti kusukulu. Kapitawo anati za lamya zaoneka poyera tsopano. Mawu anayamba kukwera. Pamenepo a Lameki anaimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja. Anthu anatembenuka, poti ambiri anali asanawamvepo akulankhula pagulu.

"Phula ndinadya ndine," anatero. "Funso ndinali nalo tsiku lija. Ndinakhala chete."

"Funso lanji?" anafunsa a Gidiyoni.

"Kumtunda kuti?"

Atatu aja anayankha nthawi imodzi, wina kusukulu, wina pabwalo, wina kusiteshoni. A Lameki anakhalabe chiimire mpaka atatuwo anatopa okha. Pomaliza a Gidiyoni anati nkhaniyi ndi yaikulu, aitengera kwa akuluakulu, ndipo yankho libwera mwezi wamawa. Hutala ya lole inali italira kale.

Pobalalika, kapitawo anakokera a Lameki pambali.

"Za mlatho uja munausiya mukayankha Lolemba. Ine sindingakubisireni."

"Ndamva."

A Lameki anatsala okha pansi pa mtengo wa pabwalo. A Fatuma anabwera nakhala chapatali, osaseka.

"Asewele, ana akuti mawa abwerera kukamanga misasa. Nsomba sizingatipeze kuno."

"Pamchenga pomwe paja?"

"Nanga kuti? Madzi saiwala khwawa, ndikudziwa. Koma msodzi naye saiwala dooko. Ng'oma ikadzaliranso, tidzapite kwa yani mwa atatu aja?"

A Lameki anayang'ana kumapiri. Mtambo unali utayambanso kusonkhana, ndipo mwezi wa March unali usanayambe n'komwe. Kenaka anayang'ana pachitunda cha Chimwala, pamene panali mlambe waukulu umene anauona ali m'bwato tsiku lija. Unali pakati, bwalo mbali ino, sukulu mbali inayo.

"Mlambe uja mumauona muli kudooko?"

"Timauona. Ndi umene ana amalondola pobwera usiku kukakhala mwezi."

"Mudzapite kwa uwo."

"Mabwana avomera?"

"Adzatipeza pomwepo."

M'mawa mwake a Lameki anabwereka ndowa ya laimu ndi makwerero kwa a Amosi, napaka thunthu la mlambe uja mbali yoyang'ana kunyanja mpaka linayera mbee. Atamaliza anatsuka m'manja, natsikira kudooko kukauza anthu khomo ndi khomo.