Madzi a M'munda wa Silveira

Odete anali atazula kale thabwa limodzi pakhomo la ngalande pamene Nelo, mlongo wake wamng'ono, anafika akuthamanga pa mlambala. Madzi anali atayamba kutuluka m'munda wa mpunga.

"Achemwali, mukutani?"

"Ukuona ngati ndikuchapa? Wogula mundawu akubwera Lachisanu. Akufuna kuona nthaka, osati dziwe."

"Maluwa pamanda a bambo sanafote n'komwe."

"Iwe, usandiphunzitse kulira. Ku koleji unathawa, ndiye munda uwutha?"

Nelo anayang'ana kumunda. Patsogolo pawo atsekwe oyera anali atadzaza munda wonse, phokoso lawo ngati msika. Chaka chilichonse akakolola, bambo awo, a Armindo Silveira, ankabwezera madzi m'mundamo kuti mbalame zochokera kumpoto zipeze pogona mpaka Febuluwale. Anzawo ankawaseka. Iwo ankangoti madzi amaoletsa mapesi, basi.

"Dikirani zinyamuke kaye," anatero Nelo. "Mukaphwetsa lero, zipita kuti?"

"Zikafunse kwa amene anazizoloweza."

Nelo asanayankhe, anamva magalimoto. Ankabwera pang'onopang'ono m'chifunga, n'kuima pamzere kunja kwa geti. Anali anthu aja oonera mbalame, amene bambo ankawatcha azondi. "Azondi abwera," ankatero akumwa khofi, "alibe ntchito kwawo." Koma getilo sankalikhoma mpaka dzinja lozizira la kunoko lithe.

Lero palibe amene analowa. Anatsika, zipewa m'manja, magalasi awo oonera kutali akulendewera pachifuwa. Mayi Tanabe, amene ankabwera Nelo asanabadwe, anayandikira waya.

"Pepani ana inu. Tinamva mochedwa. Tingolowa mukatilola."

"Bambo ankakutukwanani, mukudziwa?" anatero Odete.

"Chaka chilichonse. Akatha ankatiuza mbali yomwe kwatera abakha achilendo, ati tisawapondere mizere."

Nelo anaseka koyamba chichokereni kumanda. Anawerama kuti atole thabwa, koma mlongo wake analiponda.

"Siya. Sudziwa muyezo wake."

Odete anapita ku galimoto ya bambo n'kubwera ndi magambutsi awo akale. Anawavala, ngakhale anali aakulu, n'kulowa m'madzi ozizirawo. Pa magambutsiwo, pamwamba pa kakolo, panali kamzere ka penti yoyera. Nelo anali atakaona moyo wake wonse osafunsa.

"Madzi azifika apa," anatero Odete osamuyang'ana. "Akapitirira, bakha akazyolika safika pa mpunga. Akachepa, nkhandwe zimalowa usiku. Anandiphunzitsa iwe uli ku mabuku ako aja."

Madzi anali atatsika pansi pa mzerewo. Odete anatambasula dzanja.

"Bweretsa thabwalo. Wogula abwere ndi jombo zake. Ndipo katsegule geti, azondi a bambo akuzizidwa."