Mano a Ramla Anadyeka Kumbuyo

Ramla, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wa ku Nselema, akangomwa madzi ozizira mano ankamupweteka mpaka misozi. Amayi ake, Abiti Jamali, anali atagamula kale mlandu: wolakwa ndi bwemba wowawasa amene Ramla ankadya. Mayi amenewa akagamula, palibe wowabweza.

Anapita naye kuchipatala ku Liwonde. "Tabwera kudzazulitsa, adokotala," anatero asanakhale n'komwe.

Dokotala wa mano, Mayi Chande, analowetsa kagalasi m'kamwa mwa Ramla n'kuyang'ana nthawi yaitali. Abiti Jamali anatalikitsa khosi. Kodi m'kamwa mwa mwana muli chiyani chochedwetsa chonchi?

"Bwerani muone, mayi," anatero dokotala. "Zowawasa za pakamwa zimayamba kudya mano kutsogolo. Awa adyeka kumbuyo, mbali ya lilime. Zowadya zikuchokera m'mimba. Zimatero munthu akamasanza pafupipafupi."

Kusanza? Mtsikana wamsinkhu uwu? Abiti Jamali anatembenuka. "Iwe, uli ndi pakati?"

"Iyayi, amama!"

Mayi Chande anawapempha adikire panja. Atawaitananso, Ramla anaulula yekha, maso ali pansi. Kusukulu anzake ankamutcha Chigubu chifukwa cha thupi lake, ndiye akadya ankapita kuseri kukadzisanzitsa. Masiku ena ankangoti akusala kudya, ngakhale Ramadani itadutsa kalekale.

Abiti Jamali anachita manyazi, kenako chisoni chinawagwira. Si iwo omwe ankanyadira kwa anzawo kuti mwana wawo ndi wopemphera kwambiri?

"Ndiye ndi matenda anji amenewa?" anafunsa motsitsa.

"Ndi matenda a kadyedwe. Amayambira m'maganizo, ndipo akalekereredwa amafooketsa ngakhale mtima. Koma amachizika. Musamukalipire. Akasanza asatsuke mano nthawi yomweyo, angochukucha ndi madzi. Tiyeni ndikuperekezeni kwa namwino wa za maganizo."

Dzino silinazulidwe ngakhale limodzi. Mwezi uliwonse Abiti Jamali ankamuperekeza kwa namwinoyo, ndipo mpaka kusukulu anakafika kukadandaula za dzina lachipongwelo. Sizinathe msanga. Koma tsiku lina masana Ramla anamaliza chinangwa chake, sanadzuke kupita kuseri, n'kunena kuti, "Amama, chatsalako?" Mayiwo anamuwonjezera mwachimwemwe.

Makolo, mwana akadandaula mano, pitani naye kwa dokotala wa mano msanga. Iye amatha kuona vuto limene mwana akuopa kulitchula.