Njinga ya pa Chikwangwani

"Nanga njinga ija ili kuti, alamu?"

Zacharia anafunsa ali chiimire, manja m'chiuno. Linali tsiku logawa katundu wa mkulu wake, malemu Stanislaus, ndipo zonse zinali pamphasa pabwalo la nyumba ku Wusakile: masuti awiri, chipewa chakumgodi, korona, ndi wailesi ija yosalankhula mpaka uimenye.

Philomena, mkazi wa malemu, analoza njinga ya olumala imene inali pakhomo, yakuda, mpando wake womangidwa ndi waya.

"Osati chiphapha ichi! Ndikunena yonyezimira ija. Ndaiona ndi maso angawa pachikwangwani, pamsewu wochokera ku Ndola, achimwene atakhalapo ngati nduna."

Ndani sanachione chikwangwanicho? Bwana Derrick, mwini malole onyamula kopa, anagawa njinga khumi kuhotela ya ku Parklands, ojambula atachuluka kuposa olandira. Anamusekereretsa Stanislaus kasanu konse, ati mano sakuoneka bwino. Kumsana kwa njinga iliyonse kunali dzina la bwanayo, zilembo zazikulu zoti ndi wakhungu yemwe awerenge.

"Kulibe," anatero Philomena.

"Kulibe? Mwagulitsa! Maluwa asanafote n'komwe pamanda. Ndikakafika kumudzi ku Katete ndikanena kuti mkazi wa achimwene ndi wotani."

Achibale anayamba kung'ung'udza. Philomena zinamuwawa mpaka m'mafupa. Zaka makumi anayi akumusambitsa mwamunayo, kumunyamula, kumukankha kupita ku Misa, lero atchedwe wakuba pakhomo pake pomwe! Mawu anafika pakamwa, koma anawameza. Anali atalonjeza.

Maso ake anabwerera pa chiphaphacho, ndipo mtima unathawira kale, masiku amene mgodi unkapenta nyumba ndi kusintha mababu, Wusakile akununkhira buledi m'mawa uliwonse. Chaka chimene mwala unamuphwanya miyendo Stanislaus, anakhala miyezi isanu ndi umodzi akukwawa. Tsiku lina galimoto ya buledi inaima pachipata. Anatsika ndi Bwana Kosta mwiniwake, Mgiriki wa mabekale atatu ndi nyumba zosawerengeka, ufa uli mbuu m'manja. Anasuntha matileyi a buledi, natulutsa njinga, naiika pakhomo pamodzi ndi buledi muwiri.

"Amayi anga ankayendera imeneyi," anatero m'Chibemba chake chothyokathyoka. "Uziithira mafuta. Usauze munthu."

Basi, n'kumapita. Ngakhale madzi sanamwe.

Stanislaus sanaiwale. Atabwerako kuhotela kuja, anayang'ana njinga ziwirizo nati kwa mkazi wake, "Amake Purity, Mgiriki uja anandipatsa miyendo. Uyu wangondibwereka nkhope." M'mawa mwake anatenga tupa, napala dzina lonse la bwanayo, ndipo njingayo inatuluka itafunditsidwa chitenje. Koma pepala limene anasaina linkati njinga ikapezeka ndi munthu wina, eni ake adzaitenga. N'chifukwa chake ali m'chipatala, atatsala pang'ono kumwalira, anamugwira dzanja mkazi wake. "Akadziwa adzamulanda. Usanene."

"Alamu, ndikudikira," anatero Zacharia. "Kapena tiitane anthu a Bwana Derrick adzafunse okha?"

Philomena anaweramitsa mutu. "Nenani zimene munganene, alamu."

Pamenepo kunja kunamveka kwiii, kwiii, ndipo chipata chinatseguka. Analowa ndi Annet, mayi wogulitsa tomato pamsika, amene kale ankayenda chokwawa atavala mapatapata m'manja. Lero anali pa njinga yonyezimira, akudzipalasa yekha, thukuta lili kamukamu.

"Iwe Annet, ndinakutumizira mawu kuti usabwere nayo!" Philomena anadzuka.

"Munatero, bamayo, ndipo kumaliro ndinamvera, poti kunali makamera a Bwana Derrick aja. Koma pamsika akuti mukuzengedwa mlandu chifukwa cha ine. Ndikhale chete? Awe mukwai, sizingatheke." Anatembenukira kwa Zacharia. "Njinga yanu ndi iyi, atate. Ndithandizeni kutsika. Mapatapata anga ndabwera nawo."

Anawatulutsadi m'chitenje, awiri, odyeka pakati pomwe zikhato zinkapondera.

Zacharia anazungulira njingayo pang'onopang'ono, naima kumbuyo kwake. Anapititsa chala pamalo opalidwa aja, pamene chitsulo chinali chitayamba dzimbiri.

"Anapala ndani apa?"

"Akulu anu," anatero Philomena. "Anati munthu asamayende atabereka dzina la mnzake kumsana."

Zacharia anapukusa mutu, naseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ndi iwowo. Tili ana anapatsa mnzawo nsapato zawo za Ukaristia woyamba, kunyumba n'kudzanama kuti zapita ndi madzi. Anakwapulidwa, koma sanaulule."

Anayang'ana mlamu wake, manyazi atamugwira. "Alamu, pakamwa panga pandipereka. Pepani." Kenaka anakweza mawu kwa achibale. "Pano palibe amene waona njinga. Mwamva?"

Annet anabweza mapatapata m'chitenje. Pofuna kutembenuka, gudumu linaliranso.

"Layamba sabata yatha," anatero mwamanyazi. "Loweruka lililonse malemu ankabwera pamsika kudzandithirira mafuta."

Philomena analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka mafuta kokhala ndi mlomo wautali, kakuda ndi zala za mwamuna wake. Sikanali pamphasa, palibe anakayesa katundu. Asanawerame, Zacharia anatambasula dzanja. Anakwinya buluku lake la suti, nagwada pafumbi pambali pa gudumu.

"Ankathira pati?" anafunsa.