Viniga m'Ketulo ya a Howlett

A Leonard Howlett sankaopa imfa. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi nyumba ya okalamba ya kuseri kwa chipatala, kumene munthu amamwa tiyi pa nthawi imene ena amusankhira. Mwana wawo Bridget anali atayamba kale kuitchula, mwaulemu ndithu, chichokereni tsiku limene bambo akewo anasiya chitofu cha gasi chikuyaka iwo ali kumsika. Anapangana kuti zoiwalaiwala zikachitikanso, nkhaniyo adzaikhalira pansi. Achimwene a bambowo anayamba chimodzimodzi, kusunga nsapato mufiriji, ndipo kwawo sanabwerereko.

Loweruka lina Bridget anafika bambo ake ali kuseri kwa nyumba akudulira maluwa. Bambowo atalowa m'nyumba anamupeza pabalaza, foni ili kukhutu. Kwawoko, m'tauni ya Ipswich, mlendo safunsidwa ngati akufuna tiyi, ngakhale atabwera kudzakumanga, choncho a Howlett anangolunjika kukhitchini. M'ketulo munali kale madzi, iwo anangoyatsa.

Ketuloyo inali yomvetsa chisoni. Madzi a kumeneko ndi a laimu, ndipo mkati monse munali makoko oyera okhuthala, moti inkayamba yalira ngati thirakitala isanawire, tiyi n'kumatuluka ndi tizibenthu toyandama. Mphuno za a Howlett zinapuma pantchito kalekale, ndiye fungo lililonse sanalimve. Koma atathira mkaka m'kapu, unaundana pomwepo ngati chambiko. Analawa pang'ono. Anali viniga.

Botolo la viniga linali pambali pa sinki, losatseka, latheka. Anayesa kulondola m'mawa wonse: kudzuka, kumeta ndevu, phala, maluwa. Za viniga munalibemo, ndipo kusakumbukako n'kumene kunawaopsa koposa. Ndiye kuti zayambika. Anayang'ana pawindo mtengo wa maapozi umene anabzala ndi malemu akazi awo, nachita mantha ngati mwana.

Maganizo akuba sanachedwe kufika. Akhuthule zonse musinki, abise botolo, anene kuti mkaka ndi umene wawonongeka. Anagwira kapu kuti atero, koma dzanja linakana. Lero Bridget akanamupusitsa, nanga mawa akadzathira m'ketulomo mankhwala otsukira m'chimbudzi?

Bridget anatulukira pakhomo atatsina mphuno, akufunsa chimene chinkanunkha chonchi.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Howlett. "Ndathira viniga m'ketulo, ndipo sindikukumbuka n'komwe. Zija tinapangana zija zakwana."

Bridget anayang'ana ketulo, anayang'ana botolo, kenako anagwira pakamwa. Wothira anali iyeyo. Atangofika anasuzumira m'ketulo, makoko aja anamunyansa, ndiye anathiramo viniga wosakaniza ndi madzi kuti asungunuke, amvekere ndiwauza akalowa. Foni italira, zonse zinauluka.

A Howlett anakhala pampando pang'onopang'ono. Mpweya umene anautulutsa unali wautali, ndipo kumapeto kwake kunabwera phwete losakanikira ndi misozi.

"Ndiye woiwala ndiwe?"

"Ndine, adadi. Pepani."

"Ungakali wamng'ono chonchi. Ndikakufunsire malo kuseri kwa chipatala kuja? Akuti mabedi ake ndi ofewa."

Ntchito anaimalizira limodzi. Viniga wotenthayo anali atachita kale zake, makoko ankangoyoyoka okha. Anakhuthula, anatsukuluza, anawiritsa madzi oyera n'kutayanso mpaka fungo litatha, pansi pa ketulo n'kuyamba kuwala. Bridget, pofuna kubisa manyazi, anayamba ulaliki: madzi otsala asamagone m'ketulo, aziwiritsamo mandimu mwa apo ndi apo makoko asanalimbe. A Howlett ankangovomera zonse. Tsiku limenelo akanavomera ngakhale kusiya shuga.

Tiyi wachiwiri anatuluka woyera bwino, wopanda choyandama. Bridget anamwa pang'ono, anaika kapu pansi.

"Adadi, mukanatha kundibisira."

"Ndinaganizako."

"Bola muzindiuza chonchi. M'nyumba muno sindikuchotsani."

A Howlett anangomulozera kabati, kuti atulutse mabisiketi a chokoleti amene ankabisa kuseri kwa ufa.