Kalata ya Tufeanu Yopanda Chidindo

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti ntchito isathe. Ndikunena poyera tsopano poti palibenso wondichotsa.

Ofesi yathu yosungira zikalata zakale inali ya zipinda zitatu, kuseri kwa khoti, ndipo tinalimo anthu awiri basi: ine Sever Cojan, ndi Mayi Aglaia amene ankasunga makiyi ndi chidindo. Timaofesi tina ngati kathu a kulikulu anatitseka kalekale, mapepala n'kututira kwawo. Ife tinapulumuka chifukwa cha munthu amene anamwalira mu 1889.

Lascăr Tufeanu anali phungu wa dera lino kwa zaka makumi atatu, ndipo unduna anaulawako miyezi isanu asanakangane ndi anzake. Tonse tinakula tikumva kuti mapepala ake anapsa pa nkhondo. Koma amisiri akukonza denga la sitolo ya mankhwala anapeza mabokosi makumi anayi ndi limodzi, odzaza ndi makalata, zokayankhula kunyumba ya malamulo, mpaka madandaulo ake kwa dokotala wa mano. Mabokosiwo anabwera kwa ine. Lamulo lathu limati mapepala amene sanalowe m'ndandanda sasunthidwa, saonetsedwa kwa munthu wakunja, ndipo sadindidwa. Tsamba lililonse lipatsidwe nambala ndi pensulo pakona, lilembedwe m'buku, wolembayo asaine, kenako likulu lipereke nambala yake ya mulu wonsewo. Zikatero, mapepala ofunika ngati amenewa amapita kulikulu. Ndipo akapita, ofesi yathu ikhaliranji?

Mndandanda ndinaumaliza m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndinauika m'dirowa yapansi osasaina, ndipo chaka chilichonse ndinkalembera akuluakulu kuti ntchito ikupitirira bwino. Iwo sankafunsa. Ife tinkasunga Tufeanu, Tufeanu n'kumatisunga ife. Nthawi imene ndikunenayi, Mayi Aglaia anali atatsala ndi miyezi khumi ndi inayi kuti apume ndi penshoni yathunthu, ndipo kunyumba anali ndi mwamuna wofa ziwalo mbali imodzi, amene masana aliwonse ankathamangira kukamudyetsa.

Mu Okutobala muofesi mwathu munalowa mayi wina wamfupi, wovala jekete la chimuna, akupuma movutikira chifukwa cha masitepe athu. Ndinkawadziwa, monga timadziwirana tonse kuno. Anali Mayi Profira Manolache, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse kufakitale ya nsalu. Banja lawo anthu amalitchula kumbali kuti a Tufeanu a kukhitchini, chifukwa agogo awo akuti anabadwa kwa Safta, wochapa zovala wa phunguyo.

Anakhala pa mpando wa alendo, umene sunakhalidwepo chaka chonsecho, n'kufotokoza. Bambo awo, a Toader, a zaka makumi asanu ndi anayi kudza zinayi, anali chigonere, ndipo dokotala anati Khirisimasi saiona. Chimene ankafuna ndi chimodzi: akagone m'kanyumba ka manda ka banja la Tufeanu, pafupi ndi tchalitchi chakale, momwe munatsala malo amodzi. Ana a m'nyumba a Tufeanu anatha onse osasiya mbewu. Akuluakulu a mpingo sanakane, anangoti pabwere umboni wa magazi, wokhala ndi chidindo cha ofesi yathu.

Kalata yokhala ndi umboniwo ndinkaidziwa ngati dzina langa. Bokosi la makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, tsamba 312. Tufeanu akulembera mng'ono wake, inki yofiirira, dzanja lonjenjemera: mwana wa Safta ndi wanga, ndinalephera kumupatsa dzina, koma iye ndi ana ake adzagone pambali panga. Inali mamita anayi kuchokera pamene mayiwo anakhala. Ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti mapepala ndi ambiri, tifufuza. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha, koma ndinanena.

Atatuluka, Mayi Aglaia anatseka chitseko ndi phazi.

"Ilipo eti? Nkhope yanu sibisa kanthu, a Cojan. Mukanakhala wakuba mukanafa ndi njala."

Ndinawafunsa ngati sangangodinda mwakachetechete. Anandikumbutsa zimene ndinkazidziwa kale, kuti pepala lodindidwa limalembedwa nambala ya likulu, ndipo nambala yopeka imatengera munthu kundende. Za kusaina sanatchule, inenso sindinatchule. Tinangomwa tiyi wathu tikuyang'ana khoma, titagwira njakata.

Mayi Profira ankabwera Lachiwiri lililonse. Sankakalipa, ndipo n'zimene zinkandipweteka. Ankabwera ndi mapeyala a pamtengo wawo m'kathumba, kuwaika pa tebulo, kufunsa ngati tafika pati, n'kutsika masitepe atagwira khoma. Ndinayamba kudana nalo Lachiwiri. Ndinayamba kudana ndi Tufeanu yemwe, munthu amene anali ndi pakamwa pokangana ndi nduna zinzake koma analephera kupita kwa wansembe kukanena kuti mwana uyu ndi wanga. Mantha ake anandisiyira ine, ngati kuti anga sankandikwanira.

Sabata lachinayi ndinachita chinthu chimene wosunga zikalata sachita. Ndinachotsa tsamba 312 m'bokosi, kuliika pakati pa makatoni awiri, kulibisa m'kati mwa jekete, n'kupita nalo kwa Abambo Ilarion, wansembe wa tchalitchi chakale. Ndinkaganiza kuti akaona dzanja lenileni la mwiniwake, chidindo adzachiiwala. Anawerenga kawiri, akusisita ndevu, n'kuvomereza kuti akukhulupirira mawu aliwonse. Kenako anandibwezera.

"Ine ndakhulupirira, a Cojan, koma a komiti ndi a kwa bishopu sakhulupirira ndevu zanga. Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine. Ikakhala m'bokosi lake, ndi kalata ya Tufeanu. Ikakhala m'jekete mwanu, ndi pepala la a Cojan. Kaibwezeni wina asanakuoneni."

Kuphunzitsidwa ntchito yako ndi wansembe kumawawa. Ndinatuluka, ndipo pachipata ndinakumana ndi Mayi Profira akuchokera koyatsa kandulo. Anayang'ana dzanja langa limene linali litagwira pachifuwa pamene ndinabisa kalata ija, n'kundifunsa ngati mtima ukundivuta ngati iwo. Bodza linandithera pamenepo. Ndinawauza zonse, za dirowa, za Mayi Aglaia ndi mwamuna wawo, za miyezi khumi ndi inayi. Ndinkayembekeza kuti andilavulira. Iwo anangoti popeza kalatayo yatuluka kale, ndipite nayo kwawo bambo awo akaimve.

A Toader anali atagona pafupi ndi mbaula, ochepa ngati mwana wa sukulu, koma maso ali gwa. Ndinawerenga pang'onopang'ono. Nditafika pa mawu oti pambali panga, anatseka maso. Anati bambo awo anafa akunenedwa kuti ndi wabodza, ndipo anaikidwa kumudzi kwa akazi awo ngati mlendo. Anandipempha ndibwereze, ndinabwereza. Kenako anandigwira mkono ndi zala zozizira.

"Zikomo, mwanawe. Nanga tsopano tikudikira chiyani?"

Ndinabwezera kalata m'bokosi lake madzulo omwewo, ndipo ndinakhalanso masabata awiri ndikudikira chimene sindinkachidziwa. Mwina ndinkafuna kuti dokotala akhale kuti analakwitsa, mkuluyo akhale miyezi khumi ndi inayi. Mwina, Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kuti afulumire, nkhani ithe yokha popanda dzanja langa. Kuntchito ine ndi Mayi Aglaia tinkayankhulana za nyengo. Zipinda zitatu zija zinandichepera, fungo la mapepala akale limene ndinkalikonda linayamba kunditsamwa.

Amene anathyola nkhaniyi ndi Mayi Aglaia. Lachiwiri lina, Mayi Profira atangotsika, anatsegula dirowa yapansi okha, kutulutsa mndandanda, kuumenyetsa pa tebulo panga.

"Sainani. Ndatopa kudya mapeyala a anthu ndikutsamwa. Musandiyang'ane choncho ngati mbuzi yomangidwa, ndati sainani."

Ndinasaina pa 26 Novembala. Tinawerengera kuti likulu lipereka nambala patelefoni, Mayi Aglaia adinda tsiku lomwelo, ndipo galimoto yodzatenga mabokosi idzabwera chilimwe, monga zimayendera zinthu za boma. Tinawerengera molakwa. Anthu amene anagona zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anadzuka tsiku limodzi. Kunali pulofesa wina kumeneko amene ankawafuna mapepalawa kuyambira kale, ndipo pasanathe masiku anayi lole inaima pakhomo. Anyamata ovala magolovesi anamata bokosi lililonse ndi tepi yofiira, natenganso chidindo, poti ofesi yotsekedwa sidinda. Ndinachonderera mkulu wawo kuti andipatse mphindi khumi ndi bokosi limodzi. Anandiuza mwaulemu kuti nambala sinatuluke, ndipo wofuna kope alembe pempho kulikulu, amayankha pasanathe masiku makumi atatu a ntchito. Anandiyamikiranso kuti mndandanda wanga ndi waukhondo kwambiri.

Pempholo ndinalemba ndekha, ndinaimba telefoni tsiku lililonse mpaka anayamba kundidziwa mawu. Mayi Aglaia anauzidwa kuti akamalizire miyezi yawo ku ofesi ya kuchigawo, maola awiri pa basi kupita, awiri kubwera, ndipo mwamuna wawo ankadyetsedwa ndi oyandikana nawo. Ine anandipumitsa. A Toader anatisiya pa 9 Disembala. Tinawaika kumanda atsopano, kutsidya kwa njanji, m'dothi louma ndi chisanu limene ofukula analiswa ndi piki. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma amene analipira si Zengerezuyo.

Ntchito itatha ndinazindikira kuti tauni ino ndatopa nayo mpaka m'mafupa. Mwana wanga Ilinca, amene amakhala ku Spain, anati ndigulitse nyumba ndikakhale nawo, chipinda chilipo, adzukulu akukula osandidziwa. Ndinavomera msanga mpaka iye anadabwa. Tinagwirizana za mwezi wa Epulo. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ndinkadzuka m'mawa popanda bodza loti ndilisamale.

Envelopu ya kulikulu inafika pakati pa Januwale, sabata la mwambo wokumbukira a Toader patatha masiku makumi anayi chimwalirireni. Kope loyera bwino, nambala yake, chidindo chofiirira chozungulira. Ndinapita nayo kutchalitchi. Mapemphero atatha, anthu akugawana coliva, tirigu wowiritsa wa maliro uja, ndinaipereka kwa Abambo Ilarion pamaso pa Mayi Profira. Wansembeyo anaiona, nagwedeza mutu kuti tsopano zonse zili m'malo, komiti singakanenso. Koma anawonjezera zimene tonse tinkazidziwa, kungoti palibe ankafuna kuyamba kuzinena: munthu akaikidwa safukulidwa zisanathe zaka zisanu ndi ziwiri. Zikadzakwana, mafupa adzasambitsidwa ndi vinyo, adzakulungidwa mu nsalu yoyera, n'kusamutsidwira kwa agogo ake. Padzangofunika munthu wobwera ndi pepalali, woima pamanda n'kusainira.

Anthu atabalalika tinatsala awiri pa benchi ya panja. Mayi Profira anapuma kaye mpaka mpweya utabwerera. Anati ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, mtima wawo dokotala amaumvera akupukusa mutu, mwana alibe, m'bale alibe. Wansembe naye ndi wokalamba, ndipo wobwera pambuyo pake sadzadziwa kuti Toader anali ndani. Ankayankhula mosadandaula, ngati akuwerenga nthawi ya basi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za Epulo. Iwo anali atayamba kale kupinda envelopu ija bwinobwino, naiika m'manja mwanga, natseka zala zanga ndi zawo.

"Inu mumatha kusunga pepala, a Cojan. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munakwanitsa. Izi ndi zisanu ndi ziwiri zokha."